Sikelo, mzere ndi kuponi: amagawa chimanga ndani m'dziko muno?

Chimanga chikangouma m'munda, mkangano uja umayambiranso. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira yogulira mbewu kwa alimi, ndipo sabata isanathe mumamva pa wailesi kuti mavenda apachika masikelo m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, akugula motsika kuposa pamenepo. Woimba foni ku wailesiko woyamba amati boma liwagwire mavendawo, litsegule misika ya ADMARC msanga. Wachiwiri amati ayi, vuto ndi boma lomwelo chifukwa latseka malire kuti chimanga chisatuluke, likanamusiya mlimi akagulitse kumene kuli mtengo. Ikafika Januwale nkhani imatembenuka. Chimanga chija chakwera, ndipo wodandaula tsopano ndi wogula, amene nthawi zambiri ndi mlimi yemwe uja anachigulitsa mu Meyi.

M'mikangano yotereyi mumatuluka mawu monga msika womasuka, ufulu wochita malonda, kapitalizimu ndi sosholizimu. Kapitalizimu ndi dongosolo limene minda, mafakitale ndi masitolo zimakhala za anthu paokha, ndipo mitengo imapangana pakati pa wogula ndi wogulitsa. Sosholizimu ndi dongosolo limene zinthu zikuluzikulu zopangira chuma zimakhala za boma kapena za gulu, ndipo kugawa kumatsata mapulani. Palibe dziko lero limene lili kumapeto kwenikweni kwa mbali imodzi. Onse amasakaniza, ndipo chomwe amakanganirana ndi muyezo wake. Pansi pa mawu onsewa pali funso limodzi: zinthu zikakhala zosakwanira aliyense, apeze ndani, asowe ndani, ndipo agamule ndani?

Matumba khumi, mabanja makumi awiri

Tiyerekeze kuti pamudzi pafika matumba khumi a chimanga, koma mabanja amene nkhokwe zawo zatha ndi makumi awiri. Kaya tikonde kaya tisakonde, matumbawo agawidwa mwanjira ina yake.

Angathe kugulitsidwa kwa amene wanena mtengo wokwera. Imeneyo ndiyo njira ya msika, ndipo wopeza ndi wa ndalama. Angathe kugulitsidwa pa mtengo wozizira kwa amene wafika msanga. Imeneyo ndi njira ya mzere, ndipo wopeza ndi amene ali ndi mphamvu zolawirira m'bandakucha ndi nthawi yoima tsiku lonse padzuwa. Angathe kulembedwa mayina, a mfumu ndi komiti n'kusankha ovutikitsitsa, kapena boma kupereka makuponi. Pamenepo wopeza ndi amene dzina lake lalowa m'kaundula. Ndiye pali njira yathu yakale ya chibale, yoti amene ali nacho amatapira mlongo wake ndi apongozi ake, podziwa kuti kupatsa n'kuika.

Njira iliyonse imasiya wina kunja. Msika umasiya wosauka. Mzere umasiya gogo wa miyendo yotupa ndi mayi wa mwana wodwala. Kaundula amasiya amene sagwirizana ndi wolemba mayina. Chibale chimasiya wobwera ndi wamasiye. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa anthu ambiri akamati boma litsitse mtengo amaganiza kuti matumba aja achuluka. Sachuluka. Chasintha n'chakuti kusankha kwachoka pa sikelo kwapita pa mzere.

Mtengo ndi uthenga

Okhulupirira msika amayambira pa mfundo yoti mtengo si ndalama chabe imene umatulutsa m'thumba. Ndi uthenga. Tomato akakwera pa msika wa Limbe, wa geni amene amakapikula ku Tsangano kapena ku Bembeke amadziwa tsiku lomwelo kuti akatenge madengu ambiri. Mlimi wa kudimba amaona kuti ogula achuluka, chaka chamawa amawonjezera mabedi. Mayi wa m'tauni amadula tomato mmodzi m'malo mwa atatu, kapena amaphika ndiwo zotendera. Anthu atatuwa sanakhale pa msonkhano, palibe nduna imene inawalembera kalata, koma onse asintha zochita mogwirizana ndi kuchepa kwa tomato.

Adam Smith, katswiri wa ku Scotland, analemba mu 1776 kuti munthu wofuna phindu lake amatha kutumikira anthu amene sakuwadziwa n'komwe, ngati kuti pali dzanja losaoneka lomutsogolera. Friedrich Hayek wa ku Austria anawonjezera mu 1945 kuti nzeru zoyendetsera chuma zili zomwazika m'mitu ya anthu miyandamiyanda. Amene akudziwa kuti mlatho wakutiwakuti wakokoloka, kuti dera lakuti mvula inadula, kuti anthu a mudzi wakuti ayamba kukonda mbatata, ndi anthu a komweko. Ofesi ya ku Capital Hill singasonkhanitse zonsezi pa nthawi yake, koma mtengo umazisonkhanitsa mwa iwo wokha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ndi zomwezo: amene chinthu chikumukhudza ndiye amayamba kudzuka.

Mbiri ili ndi umboni wa mbali imeneyi. Ku China, boma litalanda minda n'kuika alimi m'magulu akuluakulu ogwira ntchito motsata mapulani a likulu, kunagwa njala ya 1959 mpaka 1961 imene inapha anthu mamiliyoni ambiri. Mu 1978, alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang m'chigawo cha Anhui anapangana mobisa kugawana minda kuti banja lililonse lizilima payokha n'kusunga zotsala likapereka gawo la boma. Zokolola zinakwera, ndipo m'zaka zochepa njira imeneyi inafalikira dziko lonse.

Koma uthenga wa mtengo umathanso kukugwetsa m'dzenje. Alimi a nandolo a ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Zomba amakumbukira bwino. Cha m'ma 2015 ndi 2016 nandolo anali golide, chifukwa ku India, kumene amadya nyemba zamtunduwu kwambiri, zokolola zinavuta. Anthu anamvera mtengo, nadzala nandolo wochuluka. Mu 2017 India itakolola bwino inachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo kuno unagwa chagada. Mlimi sanalakwitse kanthu. Anachita ndendende zimene msika unamuuza, koma chigamulo chinachitika ku New Delhi, iye ali ndi matumba m'nyumba.

Pamene msika sukumva njala

Otsutsa msika womasuka amayambira apa: msika umamva ndalama, sumamva njala. Mwana wa masiku atatu osadya alibe mawu pa sikelo ngati makolo ake alibe kwacha. Amartya Sen, katswiri wa ku India amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anafufuza njala ya ku Bengal ya 1943 n'kusonyeza kuti anthu angathe kufa chakudya chilipo m'dziko, ngati malipiro awo atsalira kutali ndi mtengo wa chakudyacho.

Ife tinaziona ndi maso mu 2002. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, nkhokwe za boma zinali ndi chimanga choposa matani 160,000. Pafupifupi chonse chinagulitsidwa, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana kuti mlandu waukulu unali wa upangiri wa IMF, bungwe lobwereketsa ndalama kumayiko, woti nkhokwezo zichepetsedwe kapena wa akuluakulu amene anagulitsa mopyola muyezo ndi mwachinyengo. Zokolola za 2001 zitavuta, mtengo unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Anthu anagulitsa mbuzi, njinga ndi malata pa mtengo wongotaya, ena anadya gaga ndi mizu ya kutchire. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Nkhani imeneyi mbali zonse ziwiri zimaitenga ngati umboni wawo. Ena amati mwaona kuipa kosiyira chakudya amalonda, ena amati mwaona zimene akuluakulu a boma amachita mukawapatsa makiyi a nkhokwe.

Palinso nkhani ya mphamvu. Buku limati wogula ndi wogulitsa amapangana mwaufulu. Koma taimani pa sikelo ya m'mudzi mu Epulo. Mayi wafika ndi ndowa ziwiri za chimanga chosauma bwino, wazisenza ulendo wa ola limodzi. Mwana wabwezedwa kusukulu, ku banki m'khonde akufuna zawo Lachisanu, mchere ndi sopo zatha. Venda amalowetsa dzanja m'chimanga, amaluma njere imodzi, amati n'chachiwisi, n'kutchula mtengo wake. Mayiyo amayang'ana muvi wa sikelo umene sangathe kuutsimikiza, amayang'ana msewu umene wachokera. Venda wina ali pa mtunda wa makilomita angapo, ndipo mwina akutumidwa ndi bwana yemweyo. Amagulitsa. Palibe amene wamugwira pakhosi, komabe ine sindingathe kunena ndi mtima wonse kuti awiriwa apangana ngati anthu ofanana.

Msika umagwira bwino ntchito pamene ogula ndi ambiri ndipo akupikisana, wogulitsa akudziwa mitengo ya kwina, ndipo angathe kudikira. Chimodzi mwa izi chikasowa, wamphamvu amadyera mnzake masuku pamutu. N'chifukwa chake alimi a fodya akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ku okushoni ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu makampani ogula ndi owerengeka. N'chifukwa chakenso dziko lino lili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, loona kuti amalonda asamapangane mitengo kapena kubisa katundu. Ngakhale okonda msika ambiri amavomereza kuti popanda masikelo oyesedwa, makhoti ogamula milandu ya ngongole ndi misewu yodutsika, msika sungayende.

Venda naye ali ndi mbali yake yofunika kuimva. Iye amafika ndi ndalama m'manja pa nthawi imene ADMARC sinatsegule. Amalipira thiransipoti, matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi malo osungira, ndipo chimanga chikauma chimapepuka. Mtengo ukagwa amaluza yekha. Chimanga chimene wagula ku Dedza kapena ku Mchinji mu Meyi ndi chomwe chimapezeka ku Nsanje mu Januwale. Kusiyana kwa mitengo ya miyezi iwiriyi mbali ina ndi malipiro a ntchito yeniyeni, mbali ina ndi phindu lochokera pa kufooka kwa mlimi, ndipo kulekanitsa ziwirizi n'kovuta.

Tinayesapo zonse ziwiri

Amene ali ndi zaka zopitirira makumi asanu anakhalapo pansi pa madongosolo onse awiri. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Kwa zaka zambiri inali wogula wamkulu, pa mbewu zina yekhayo wololedwa, wa zokolola za alimi ang'onoang'ono. Inali ndi misika mpaka kumidzi yakutali, ndipo mtengo unali umodzi dziko lonse, kaya uli ku Chitipa kaya pafupi ndi Lilongwe. Mlimi ankadziwa kokagulitsa, kokagula feteleza, ndi kokapeza chimanga nthawi ya njala. Achikulire akamati kale zinthu zinali m'malo, amanena zimenezi, ndipo sanama.

Chimene sichinkaoneka pa sikelo n'chakuti ADMARC inkagula thonje, mtedza ndi fodya motsika kwambiri poyerekeza ndi mtengo umene inkagulitsira kunja. Ofufuza za chuma anasonyeza kuti phindulo lambiri linkapita ku maesiteti ndi makampani akuluakulu. Unali msonkho wobisika wokhoma mlimi wa khasu. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale, amene anali wa maesiteti okha mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'zaka za m'ma 1970 amalonda achimwenye anachotsedwa m'midzi n'kuuzidwa kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo masitolo ambiri a m'ma trading centre anatsala mabwinja.

Kuyambira 1981 dziko linayamba kulandira ngongole za World Bank ndi IMF zokhala ndi mfundo zomasula chuma. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo misika ina ya ADMARC yosapindulitsa inatsekedwa. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uzipezeka pa msika. Zotsatira zinali zosakanikirana. Mabanja masauzande ambiri analowa mu ulimi wa bale n'kumanga nyumba za malata, ma minibasi anadzaza misewu, geni inafalikira. Koma kumadera akutali amalonda aja sanafike msanga, feteleza anakwera sabuside itachotsedwa, ndipo mafakitale ena analephera kupikisana ndi katundu wakunja.

Sabuside ndi pamene boma likulipirirako mbali ya mtengo kuti wogula apereke zochepa. Inabwerera ndi mayina osiyanasiyana: Starter Pack mu 1998, pulogalamu ya makuponi ya Bingu wa Mutharika kuyambira 2005, ndi pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP mu 2020, pamene thumba la feteleza la makilogalamu 50 linkagulidwa K4,495. Oikonda amaloza zaka zimene nkhokwe zinadzaza. Oikayikira amafunsa kuti ndalama zochuluka chonchi zikanachita chiyani zikanapita ku ulimi wamthirira, misewu ya kumidzi ndi alangizi, ndipo amaloza mayina a m'kaundula ongopeka ndi makuponi ogulitsidwa kwa mavenda. Wosauka wogulitsa kuponi yake akusonyeza kanthu kena kofunika: boma lagawa ndi kaundula, koma njala ya lero yabweza katunduyo ku msika.

Boma likagwira mtengo

Boma lingathe kuika denga, kuti mtengo usapitirire apa, kapena kuika pansi pake, kuti usatsike kuposa apa. Zonse ziwiri zimagwira ntchito pokhapokha boma likakhala ndi katundu kapena ndalama zoikira kumbuyo mawu ake.

Mtengo woyambira wogulira mbewu ndi pansi. Ngati ADMARC kapena National Food Reserve Agency, yosunga nkhokwe za boma, ili pa msika ndi ndalama mu Epulo, ikugula pa mtengowo, venda amakakamizika kukweza wake kuti apeze chimanga. Ngati ndalama zafika mu Ogasiti mlimi atagulitsa kale, mtengo wolengezedwawo umangotsala pa pepala, ndipo amene adzagulitse ku boma pa mtengo wabwinowo ndi venda uja.

Denga nalo n'chimodzimodzi. Mu Ogasiti 2008 chimanga chitakwera, boma linaletsa amalonda kugula ndi kugulitsa chimanga, n'kunena kuti ADMARC yokha izigula pa K45 ndi kugulitsa pa K52 pa kilogalamu. Pasanapite nthawi lamulolo linafewetsedwa, chifukwa ADMARC inalibe chimanga ndi ndalama zokwanira dziko lonse. Ku Zimbabwe mu 2007 boma linalamula masitolo kutsitsa mitengo ndi theka, amalonda ena anamangidwa, ndipo m'masabata ochepa mashelefu anayera, katundu n'kumapezeka kuseri pa mtengo wokwera koposa. Koma kuchotsa denga mwadzidzidzi nakonso kuli ndi mtengo wake. Ku Zambia, boma la Kenneth Kaunda litachotsa sabuside ya ufa mu Disembala 1986, ku Copperbelt kunabuka zipolowe zimene zinaphetsa anthu, ndipo zinabwerezanso ku Lusaka mu June 1990.

Masiku ano phunziroli tikuliona kwambiri pa ndalama zakunja ndi mafuta. Dola ili ndi mtengo wa ku banki ndi mtengo wa pa msewu. Wa ku banki ukakhala wotsika kwambiri, aliyense amafuna kugula kumeneko ndipo palibe wofuna kugulitsako. Madola ochepawo amagawidwa ndi mzere, ndi kudziwana, ndi chigamulo cha akuluakulu choti mafuta, mankhwala ndi feteleza ziyambe. Wa kaunjika ndi wa zitsulo za galimoto amakagula pa msewu, n'kuika mtengowo pa katundu wake. Boma likatsitsa mphamvu ya kwacha, monga mu Meyi 2012, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, cholinga chimakhala kutseka mpata umenewu. Koma m'mawa mwake sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti zimakwera, pamene malipiro ali pomwepo. Mtengo wa petulo umaikidwa ndi MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, ndipo ukatsalira pansi pa ndalama zimene oitanitsa akuwononga, kapena madola akasowa, timaona magalimoto atagona pa filling station, zigubu zikugulitsidwa kuseri. Woyendetsa kabaza ya njinga yamoto amene wataya tsiku lonse pa mzere walipira mtengo wokwera ndithu, kungoti waulipira ndi nthawi.

Ndani amagawa thukuta

Ntchito nayo imagawidwa, ndipo apa ndi pamene mawu oti ufulu amalemera kwambiri, chifukwa chogulitsidwacho ndi tsiku la moyo wa munthu.

Mbiri yathu imadziwa bwino ntchito yokakamiza. Thangata poyamba anali kuthandizana pakati pa anansi. Atsamunda a ku mapiri a Shire anatenga mawuwa n'kuwasandutsa lamulo loti wokhala pa esiteti azigwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi, kuphatikizapo msonkho wa nyumba umene unkakakamiza amuna kukafuna ndalama. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali pakati pa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Pamenepo palibe mkangano, ufulu panalibe.

Za Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, n'zovutirapo. Amuna masauzande ambiri ankalembetsa okha kupita ku migodi ya ku South Africa, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi masuti. Anasankha okha, koma anasankha pakati pa mgodi ndi umphawi umene msonkho ndi kuchepa kwa malo zinathandiza kuupanga. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Kamuzu Banda anaimitsa ulendowu, ndipo maesiteti a fodya amene ankakula nthawi imeneyo anapeza antchito ochuluka. Chigamulo chimodzi cha boma chinasuntha thukuta la anthu kuchoka ku mgodi kupita ku munda. Achinyamata amene lero akukwera basi ya ku Johannesburg akuyankha uthenga womwe uja wa mtengo: tsiku lawo likugulidwa bwino kumeneko kuposa kuno.

Chitenanti cha m'maesiteti a fodya chinakhala zaka zambiri pakati pa ufulu ndi ukapolo. Banja linkalembedwa ku Mulanje kapena ku Thyolo, kupita ku Kasungu kapena ku Rumphi, kumalandira chakudya ndi zipangizo pa ngongole chaka chonse, fodya akagulitsidwa bwana n'kudula zake. Ambiri ankatsala opanda ngakhale ya thiransipoti yobwerera. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa chitenanti, kuti ogwira ntchito m'minda azilandira malipiro.

Ndiye pali ganyu. Mu Disembala ndi Januwale, nthawi yopalira ndi kubandira, wosauka amasiya munda wake kukalima mizere ya wina kuti apeze ufa wa tsikulo. Wokonda msika amati ganyu ndi chipulumutso, popanda iye banjalo likanagona ndi njala, ndipo ndi zoona. Wotsutsa amati munda wake womwe wausiya ndi umene udzam'bweretse pa ganyu chaka chamawa, ndipo nazonso n'zoona. Pamenepa ndi pamene akatswiri amasiyanitsa mitundu iwiri ya ufulu. Wina ndi wakuti palibe wokuletsa: palibe wapolisi wokugwira ukamagulitsa, palibe chilolezo chokutsekereza, munda ndi wako. Wina ndi wakuti uli ndi mphamvu yosankhadi: uli ndi chakudya chokwanira kuti ukane ganyu wotchipa, unapita kusukulu, ukadwala umapeza mankhwala. Anthu awiri angathe kukangana usiku wonse, aliyense akuti akuteteza ufulu, pamene wina akunena woyambawo, wina wachiwiriwo.

Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma, amene anakwera kufika K90,000 pa mwezi mu 2024, ali pa mkangano womwewu. Mabungwe a antchito amati popanda lamulolo mlonda ndi wantchito wa m'nyumba alibe pogwira. Olemba ntchito amati likakwera kwambiri ena achotsedwa kapena kulembedwa mobisa. Chofunika kukumbukira n'chakuti Amalawi ambiri sali pa ntchito yolembedwa n'komwe, ndipo lamuloli silifika pa mzere wa ganyu.

Osati boma, osati msika

Pa chilumba cha Mbenje, ku Salima, asodzi amatsata malamulo a Senior Chief Makanjira amene anayamba cha m'ma 1950. Nyengo ya mvula chilumba chimatsekedwa, aliyense amachokapo, nsomba zimaswana. Chikatsegulidwa pamakhala mwambo, ndipo pali malamulo oletsa mowa, juga ndi zida zina zophera. Nsomba zikafika kumtunda zimagulitsidwa pa msika monga mwa nthawi zonse, koma zoti aphe liti ndipo motani zimagamulidwa ndi mudzi. Nyanja ikangosiyidwa kuti aliyense aphe mmene angathere, msodzi aliyense amaona kuti nsomba imene waisiya lero mnzake aitenga mawa, ndipo mapeto ake ndi zimene zinachitikira chambo ku Malombe. Elinor Ostrom wa ku America analandira mphoto ya Nobel mu 2009 posonyeza kuti magulu otere amatha kusamala nkhalango, madzi ndi nsomba kwa zaka zambiri. Dima, kumene anansi amalimirana munda n'kudyera pamodzi, ndi banki m'khonde, ndi za mtundu womwewu. Zimalimba pamene anthu akudziwana ndipo wophwanya pangano amachita manyazi. Gulu likakula, obwera n'kuchuluka, zimavuta.

Malamulo athu amati chiyani

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anayesa kugwira mbali zonse. Ndime 29 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wochita ntchito za chuma, kugwira ntchito ndi kufuna zodzithandizira kulikonse m'Malawi. Ndime 28 imateteza katundu wa munthu, ndime 31 imanena za chilungamo pa ntchito, ndime 30 za ufulu wa chitukuko. Ndime 13 imalangiza boma kulimbikitsa chuma cha msika pamodzi ndi kuika ndalama pa zaumoyo, maphunziro ndi chitukuko cha anthu. Koma lamulo la Control of Goods limapatsanso nduna mphamvu yoletsa katundu kutuluka kapena kulowa m'dziko, ndipo pa chimanga mphamvu imeneyi yagwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Chiletso chotumiza chimanga kunja chimaonetsa bwino chifukwa chake mkanganowu sutha. Chikakhalapo, chimanga chimatsala m'dziko ndipo mtengo umatsika. Wa m'tauni wogula ufa wa walkman amapuma. Mlimi wa ku Mchinji amene akanagulitsa matumba ake zana kwa ogula a kunja amaluza, ndipo chaka chamawa mwina adzala soya m'malo mwa chimanga, dziko n'kukolola chochepa. Zina zimatulukabe usiku pa njinga kudzera njira zachidule, phindu n'kupita kwa ozembetsa.

Koma mawu oti mlimi amabisa anthu awiri osiyana. Pali wa maekala khumi amene amagulitsa chochuluka kuposa chimene amagula. Ndipo pali mnansi wake wa ekala imodzi, amene ali m'gulu lalikulu la alimi a dziko lino: amagulitsa ndowa zingapo mu Epulo chifukwa cha mavuto, chake chimatha mu Okutobala, ndipo kuyambira pamenepo mpaka chimanga chachiwisi amakhala wogula. Mtengo ukakwera woyambayo amamanga nyumba, wachiwiriyo amapita kukagwira ganyu m'munda mwa woyambayo. Onse awiri amaimba foni ku pulogalamu imodzi ya pa wailesi, ndipo aliyense amayamba ndi mawu oti ife alimi.